Masekondi khumi pa kapepala: amisiri amene amamanga zonyamulira magetsi m'thupi la bakiteriya

Mu Januwale 2024, kolera atakula mu Lusaka mpaka odwala kumakagonekedwa ku National Heroes Stadium, sukulu nazo zitachedwa kutsegulidwa, ife a mu labu tinkabwereza kayezedwe kena kakang'ono kambirimbiri moti dzanja linkangodziyendera lokha. Umatenga kapepala kosefera, umadonthezapo mankhwala oyera ngati madzi, kenako umapakapo timabakiteriya ndi kamtengo. Pamalopo pakasanduka pepo masekondi khumi asanathe, bakiteriyayo timati ali ndi oxidase. Vibrio cholerae, woyambitsa kolera, amasintha mtundu mwachangu. E. coli, Salmonella ndi Shigella sasintha, kapepala kamangokhala mbuu. Njirayi anailongosola Kovacs mu 1956, ndipo mpaka lero imatithandiza kusiyanitsa adani a m'matumbo tisanawononge mankhwala ena odula.

Tsiku lina mtsikana wina amene anabwera kudzaphunzira ntchito anaima pambali panga n'kufunsa kuti, "Amayi, chimene chikusintha mtundu apa n'chiyani kwenikweni?" Ndinamupatsa yankho la m'buku: mankhwalawo amapereka maelekitironi kwa cytochrome c, iyo imawapereka kwa oxidase, oxidase imawapereka kwa okosijeni, ndipo mankhwala akataya maelekitironi amasanduka pepo. Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Nanga cytochrome c imeneyo amaimanga ndani?" Funso limeneli ndi limene ndikufuna kuyankha pano, chifukwa m'makalasi athu timaphunzitsa kwambiri za zonyamulira maelekitironi koma amisiri ozimanga sitiwatchula n'komwe. Ine ndimaona kuti luso lenileni lili kwa amisiriwo.

Kupuma kwa selo

Kwa selo, kupuma si kukoka mpweya. Chakudya chikaphwanyidwa, selo imachichotsa maelekitironi n'kuwayendetsa pamzere wa mapuloteni okhala mu nembanemba, kakhungu kamafuta kamene kamakuta selo. Zili ngati anyamata omanga nyumba amene aima pamzere n'kumapatsirana mabuloko dzanja ndi dzanja. Kumapeto kwa mzere kumakhala wolandira, kawirikawiri okosijeni, amene akalandira maelekitironi amasanduka madzi. Maelekitironi akamayenda choncho amasiya mphamvu, ndipo mphamvuyo imapopera mapulotoni kunja kwa nembanemba. Apa tisasokoneze: mapulotoni si mapuloteni ayi, ndi tizidutswa ta haidirojeni. Akaunjikana kunja amakhala ngati madzi otsekeredwa ku Kariba. Pobwerera mkati amadzera pa chipata chimodzi chotchedwa ATP synthase, chimene chimazunguliradi ngati makina a ku Kafue Gorge, n'kupanga ATP, ndalama imene selo imalipirira ntchito zake zonse. Maganizowa anawabweretsa Peter Mitchell mu 1961, anthu anamutsutsa kwa zaka, koma mu 1978 analandira nawo mphoto ya Nobel.

Ena mwa anyamata a pamzerewo ndi ma cytochrome. Dzinali analipereka David Keilin ku Cambridge mu 1925, atayang'ana mmene kuwala kumadutsira m'minofu ya tizilombo touluka ndi mu yisiti, n'kuona mizere yakuda imene inkaoneka mpweya ukatha ndi kuzimiririka mpweya ukabwera. Anawagawa kukhala a, b ndi c. Onsewa amanyamula heme, kamphete kaphwatalala kokhala ndi atomu imodzi ya ayironi pakati, komwe kaja kamafiiritsa magazi athu. Ayironiyo ndiye dzanja lolandira ndi kupereka: akalandira elekitironi amakhala Fe2+, akapereka amabwerera ku Fe3+.

Kusiyana kwa c ndi anzake ndi kumene kwabala nkhani yonseyi. Mu cytochrome b, heme imangokhala m'thumba la puloteni ngati ndalama m'thumba la malaya. Mu cytochrome c imawotchereredwa. Heme ili ndi timikono tiwiri totchedwa vinyl, ndipo timikono timeneti timalumikizidwa ku salifa wa ma cysteine awiri a puloteniyo. Cysteine ndi mmodzi mwa ma amino acid, tizidutswa timene timalumikizana n'kupanga puloteni. Malo owotchererawo ali ndi chizindikiro chimene akatswiri amachilemba kuti CXXCH: cysteine, ma amino acid ena awiri alionse, cysteine winanso, kenako histidine amene amagwira ayironi uja. Heme imalowa moyang'ana mbali imodzimodzi nthawi zonse, mkono woyamba ku cysteine woyamba, wachiwiri ku wachiwiri. Munthu wowerenga majini a bakiteriya watsopano pa kompyuta akangowerenga ma CXXCH, amadziwiratu kuti puloteniyo idzanyamula ma heme angati.

Chovutikira kuwotcherera n'chiyani? Choyamba, ma cytochrome c a mabakiteriya amagwira ntchito kunja kwa nembanemba yamkati, kumene chinthu chikagwa m'thumba chimatayika. Chachiwiri, heme ikawotchereredwa sifunikanso thumba lalikulu, choncho puloteni yaing'ono imatha kunyamula ma heme ambiri ondondozana ngati mikanda.

Ntchito yochitikira kuseri kwa khoma

Vuto ndi la malo. Puloteni imapangidwa mkati mwa selo. Heme nayo imapangidwa mkati. Koma kulumikiza kumachitikira kunja, m'kampata kotchedwa periplasm, kamene m'mabakiteriya monga Vibrio ndi E. coli kali pakati pa nembanemba yamkati ndi yakunja, ngati khonde la pakati pa nyumba ndi mpanda. Puloteni imatuluka isanapindidwe, ngati chingwe, kudzera pa khomo lotchedwa Sec. Heme imafika panjira yakeyake. Ziwirizi ziyenera kukumana zonse zili zokonzeka, ndipo khondelo silifuna kuti zikhale zokonzeka.

Amene anadutsapo mumsewu wa Alick Nkhata ku Kalingalinga anawaona owotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo. Amagwirira ntchito panja, koma magetsi amachokera m'nyumba pa chingwe chodumpha khoma. Asanayatse moto amayamba apala dzimbiri, chifukwa chitsulo chadzimbiri sichigwirana. Ntchito ya bakiteriya ndi yomweyo, ndipo dzimbiri lake lili pawiri.

Dzimbiri loyamba lili pa puloteni. M'khondemo mumakhala puloteni yotchedwa DsbA, imene ntchito yake ndi kumanga ma cysteine awiriawiri kuti mapuloteni a kunja alimbe. Kwa mapuloteni ena chimenechi ndi chithandizo. Koma cytochrome c yosamalizidwa ikangotuluka, DsbA imaona ma cysteine awiri oyandikana a CXXCH n'kuwamangirira pamodzi, ndipo salifa amene amafunika kugwira heme amakhala wagwidwa kale. Kuti amasuke pamafunika maelekitironi, pamene nkhokwe ya maelekitironi, NADPH, ili mkati. Ndiye bakiteriya amadutsitsa chingwe pakhoma. Thioredoxin ya mkati imapereka maelekitironi kwa DsbD, puloteni yopyoza nembanemba yonse. DsbD imapereka kwa CcmG kunja, ndipo CcmG mothandizana ndi CcmH amamasula mfundo ija. Mabakiteriya ena m'malo mwa DsbD ali ndi chingwe chachifupi chotchedwa CcdA.

Dzimbiri lachiwiri lili pa heme: ayironi wake ayenera kukhala Fe2+ panthawi yowotcherera. Komanso heme si chinthu chosiya pamtunda. Ikakhala yokha imalowerera m'mafuta a nembanemba n'kuyambitsa zinthu zowononga selo. Kumudzi mwana akatumidwa kukapala moto kwa anansi sagwira khala ndi manja, amalinyamula pa phale. Bakiteriya naye ali ndi phale lake.

Amisiri asanu ndi atatu

Mu E. coli majini a ntchitoyi alipo 8 ondondozana, ccmA mpaka ccmH, ndipo njira yonseyi imatchedwa System I kapena Ccm. Tiyende ndi heme kuyambira poyamba.

CcmC imakhala mu nembanemba, ndipo kumbali yake yoyang'ana kunja ili ndi kachigawo kodzaza ndi amino acid ya tryptophan kotchedwa WWD, pamodzi ndi ma histidine awiri ogwira ayironi uku ndi uku. Pamenepo m'pamene heme imakhazikidwa. CcmD ndi kapuloteni kakang'ono kothandiza kuti gululi ligwirane. Kenako imabwera CcmE, phale lija.

Pa CcmE ndimafuna kuchedwapo, chifukwa imachita chinthu chimene akatswiri sankachiyembekezera. Mu 1998 Henk Schulz, Hauke Hennecke ndi Linda Thöny-Meyer ku Zürich anaonetsa kuti CcmE sikuti imangofumbata heme ayi. Imadziwotcherera yokha ku mkono umodzi wa vinyl pogwiritsa ntchito histidine wake, wa nambala 130 mu E. coli. Taganizani: mkono womwewo umene ukufunika kukagwira cysteine, wonyamula katundu wayamba waumanga pa thupi lake. Poyamba zimaoneka ngati kutseka njira, koma mfundoyo ndi yongoyembekezera, imamasulidwa ikafika kwa mwini wake. Ubwino wake ndi woti heme singagwe panjira ngakhale itachepa bwanji m'selo, ndipo CcmE imakhala ngati kankhokwe kosungira heme kudikira puloteni. Kafukufuku woyerekeza njira ziwiri anapezadi kuti System I imagwirabe ntchito heme itachepa kwambiri kuposa mmene njira inayo, System II imene tiione patsogolo, ingapirire.

Koma CcmE ikalandira katundu imakakamira pa CcmC. Apa m'pamene CcmA ndi CcmB zimagwira ntchito. Ziwirizi zili m'banja la mapuloteni otchedwa ABC, amene nthawi zambiri amapopa zinthu kudutsa nembanemba, ndipo kwa zaka anthu ankaganiza kuti ndizo zimatulutsa heme. Zinadzaoneka kuti heme imafika pa CcmE ngakhale CcmA italemala. Chimene chimalephereka ndi kunyamuka. CcmA imawotcha ATP, gulu lonse limagwedezeka, CcmE imamasuka ndi heme yake n'kuyandama mu nembanemba kupita kwa mmisiri wamkulu.

Mmisiri wamkuluyo ndi CcmF, puloteni yaikulu yoluka nembanemba kambirimbiri, yogwira ntchito limodzi ndi CcmH. Heme ikafika kuchokera kwa CcmE ayironi wake amakhala Fe3+, kutanthauza kuti dzimbiri lachiwiri lija lilipo. Gulu la Robert Kranz ku Washington University mu St. Louis linapeza kuti CcmF ili ndi heme ina yakeyake, yokhazikika mkati mwa nembanemba, imene siperekedwa kwa aliyense. Kafukufuku wawo amasonyeza kuti heme yokhazikikayo ndiyo imadutsitsa elekitironi kupita kwa heme yobwera kuti ikhale Fe2+. Pamenepo mfundo ya kwa CcmE imamasuka, CcmH imasendeza CXXCH yopalidwa kale, timikono tiwiri tija timagwira salifa, histidine amagwira ayironi. Puloteni imene inali chingwe chabe imadzipinda mozungulira heme, cytochrome c yabadwa. Mabakiteriya ena ali ndi wothandiza wina, CcmI, wogwirizira puloteni podikira. Mu E. coli chigawo chimenechi chinalumikizana ndi CcmH kukhala puloteni imodzi.

Pali maoda ena amene amafuna mmisiri wapadera. E. coli ali ndi NrfA, puloteni ya ma heme 5 imene imasandutsa nitrite kukhala amoniya. Anayi mwa ma heme amenewa ali pa CXXCH wamba, koma imodzi ili pa CXXCK, pamene lysine walowa m'malo mwa histidine. Malo amodzi okhawo ali ndi gulu lakelake, NrfE, NrfF ndi NrfG.

Njira zina

Mabakiteriya ambiri sadutsa njira yaitaliyi. Bacillus subtilis, Helicobacter, Bordetella, Geobacter, Mycobacterium tuberculosis ndi ma cyanobacteria amagwiritsa ntchito System II. Muno mapuloteni awiri, CcsB ndi CcsA, amene mu Bacillus amatchedwa ResB ndi ResC, amachita zonse: amalandira heme pakati pa ma histidine awiri mkati mwa nembanemba, amaikweza kupita kwa ma histidine ena awiri kunja, n'kuwotcherera pomwepo. Mu Helicobacter awiriwa ndi puloteni imodzi. Phale palibe, ATP sawotcha. Chingwe cha maelekitironi chokha n'chimene sichisowa, CcdA ndi ResA, imene imagwira ntchito ya CcmG ija.

Ife anthu tili ndi System III. Cytochrome c yathu ya ma amino acid 104 imapatsidwa heme yake imodzi mu mitochondria, tizigawo ta m'selo topanga ATP, ndi puloteni imodzi yokha, HCCS, imene jini yake ili pa chromosome X. Chomera cha chimanga chili ndi njira ziwiri za mabakiteriya nthawi imodzi: mitochondria yake imagwiritsa ntchito mtundu wa System I, pamene chloroplast, mobiriwira muja, imagwiritsa ntchito System II. Ndi chizindikiro chakuti ziwalo ziwirizi makolo ake anali mabakiteriya osiyana. Ndipo kachilombo ka matenda a kaodzera, kamene mtundu wake wa rhodesiense unalongosoledwa mu 1910 kuchokera kwa munthu amene anadwalira ku chigwa cha Luangwa, cytochrome c yake imagwira heme ndi cysteine mmodzi yekha.

Kumunda, m'matope, m'mapapu

Mlimi wa soya amene amasakaniza mbewu ndi ufa wakuda wa inoculant asanadzale akudalira amisiri amenewa. Mu ufawo muli Bradyrhizobium, amene amalowa m'mizu n'kupanga timatenthe, tija totupa pamizu. Ntchito yogwira nayitirojeni wa mumpweya imafuna ATP wambiri zedi, koma nitrogenase, puloteni yochita ntchitoyo, imawonongeka ndi okosijeni. Chomera chimachepetsa okosijeni m'katenthe ndi leghemoglobin, ndiye chifukwa chake katenthe kogwira ntchito kamafiira ukakathyola. Kuti bakiteriya apumebe mumpweya wochepa choncho amagwiritsa ntchito oxidase ya mtundu wa cbb3, yotola okosijeni ngakhale watsala pang'ono, ndipo oxidase imeneyi ili ndi ma cytochrome c m'thupi mwake. Ena mwa majini a System I anadziwika koyamba m'mabakiteriya otere: ukawononga jini imodzi, timatenthe timapangika koma nayitirojeni sagwidwa. Soya amachita chikasu ngati sanathiridwe kanthu.

M'matope muli zodabwitsa zina. Shewanella oneidensis, amene anapezedwa m'nyanja ya Oneida ku New York n'kulongosoledwa mu 1988, mpweya ukatha amapumira pa dzimbiri lenileni la m'miyala. Mwala sungalowe m'selo, choncho maelekitironi ndiwo amatuluka, kudzera pa MtrA ndi MtrC, iliyonse ya ma heme 10. Ma heme khumi ndiye kuti malo owotcherera 20 pa puloteni imodzi, onse oyenera kugwira bwino. Geobacter sulfurreducens ali ndi majini a ma cytochrome c oposa 100, ndipo mu 2019 zinaoneka kuti timaulusi take tina totulutsa magetsi ndi ma cytochrome a OmcS olumikizana mutu ndi mchira, iliyonse ya ma heme 6. Awa ndi mawaya enieni, ndipo anthu amayesa kupanga nawo magetsi kuchokera m'madzi oipa.

Za m'mapapu n'zimene zimandikhudza kwambiri, chifukwa makhololo a odwala TB amadutsa m'manja mwathu tsiku ndi tsiku. Mankhwala a bedaquiline, amene anavomerezedwa ku America mu 2012 ndipo lero ndi mzati wa chithandizo cha TB yosamva mankhwala, amatseka ATP synthase. Anatsimikizira kuti kachilomboka ungakaphe pokathimitsira magetsi. Telacebec, amene akuyesedwa, amatseka puloteni ya QcrB pamzere womwewo wa maelekitironi. Ndiye maganizo amabwera okha: popeza kachilombo ka TB kamagwiritsa ntchito System II pamene ife tili ndi System III, bwanji osapha mmisiri m'malo mothyola katundu wake? Maganizowa ndi abwino, ndipo ndimawakhulupirira, koma ali ndi chopinga chimene sitiyenera kuchibisa. Kachilomboka kali ndi njira yodulira, cytochrome bd, imene ilibe heme yowotchereredwa. Ofufuza atawononga System II mu M. tuberculosis, kachilomboko kanafooka koma sikanafe, kanangochulukitsa bd. Wotseka msewu waukulu ayenera kutsekanso kanjira ka m'komboni.

Kubwerera pa kapepala

Nditamufotokozera zonsezi, mtsikana uja anagwira pomwe ndinkayembekezera. "Koma Amayi, mwati majini asanu ndi atatuwo ndi a E. coli. Nanga bwanji E. coli sasintha mtundu?"

"Wafunsa bwino, mwananga," ndinatero. Zifukwa zake ndi ziwiri. E. coli akakhala pa mpweya amapumira ma oxidase a bo3 ndi bd, amene amalandira maelekitironi kuchokera ku quinol, chonyamulira china cha mu nembanemba, osadzera pa cytochrome c. Oxidase yolandira kwa cytochrome c alibe. Ndipo majini ake a ccm ali kumchira kwa majini a nap, opumira nitrate, amene amayatsidwa mpweya ukasowa, monga m'matumbo. Pa mbale ya agar, chakudya chimene timameretserapo mabakiteriya pa benchi, amisiriwo amakhala atagona. N'chifukwa chake ofufuza ofuna kupanga ma cytochrome c a zamoyo zina mu E. coli amamuikira plasmid, kamphete konyamula majini, yotchedwa pEC86, imene imasiya majini onse 8 ali oyaka ngakhale pa mpweya.

Vibrio cholerae ndi wosiyana. Ali ndi System I, ndipo alinso ndi oxidase ya cbb3, mtundu womwe uja wa m'mizu ya soya. Ma cytochrome c ake amalanda maelekitironi a mankhwala athu n'kuwathamangitsira kwa okosijeni. Pepo amene timamuona ndi umboni wakuti CcmE inanyamula, DsbD inadutsitsa, CcmF inawotcherera. Kayezedwe kamtundu kofanana ndi aka ndi kamene ofufuza a Rhodobacter ankapezera mabakiteriya olemala majiniwa: pakati pa timagulu tosintha mtundu, ankatola tosasintha.

Apa malamulo awiri a pa benchi amene ophunzira amangoloweza amapeza chifukwa chake. Sitipaka ndi kawaya ka nichrome, timapaka ndi kamtengo kapena platinum, chifukwa ayironi wa m'waya amatha kulanda maelekitironi yekha n'kutipatsa pepo wabodza. Ndipo sititola timagulu tachikasu pa TCBS, agar yosakira Vibrio, n'kuyeza pomwepo, chifukwa asidi wochokera ku shuga wa mu agar imeneyo amatha kulepheretsa mtundu kuoneka. Timayamba tadzala bakiteriyayo pa agar wamba, n'kudzayeza akamera. Madzulo a tsikulo mtsikanayo anadzala mbale zake zinayi, ndipo m'mawa mwake zitatu zinasanduka pepo asanamalize kuwerenga mpaka khumi.